Kodi Choloŵa Chachikulu Chimagwirizanitsa Banja?

M'CHAKA cha 1086, nthumwi za William, kalonga wa Normandy amene anagonjetsa England mu 1066, zinayendayenda m'dzikomo kulemba minda, zifuyo, ndi mphero. Kaundula ameneyo, wotchedwa Domesday Book, adakalipo kufikira lerolino. William anachidziŵa bwino lomwe chuma chake. Koma kodi anaidziŵa mitima ya ana ake?

Mwana wake wachisamba, Robert, sanafune kuyembekezera choloŵa. Iye anapanduka, ndipo mu 1079, pa Gerberoy, atate ndi mwana anayang'anizana pankhondo, ndipo atateyo anavulazidwa. Ali pafupi kufa mu 1087, William anagaŵa zonse: Normandy kwa Robert, England kwa William Rufus, ndi siliva wochuluka kwa Henry, wamng'ono pa onse. Kodi palibe amene anamanidwa? Palibe. Komabe, palibenso amene anakhutira.

Mfumu Solomo inasautsika mtima ndi nkhani yofananayo. Inaona kuti munthu amasiyira wina zonse zimene anazikhetsera thukuta, osadziŵa konse ngati woloŵa m'malo mwakeyo adzazisamala mwanzeru. (Mlaliki 2:18, 19) Kodi pamenepa tinene kuti kusiyira ana chuma nkulakwa? Kutalitali! Malemba amayamikira kholo lotero. (Miyambo 13:22) Koma taonani zimene Yesu anachita pamene munthu wina anampempha kuloŵerera pamkangano wa choloŵa. Iye sanafunse za kukula kwa magawo. Mmalomwake, anachenjeza khamu lonselo za kusirira kwa nsanje. (Luka 12:13-15) Vuto silinali m'kagaŵidwe, koma mumtima.

Ana a William anakula akumaona atate wawo akutenga ndi lupanga chilichonse chimene anachiyesa chawo. Kodi nzodabwitsa kuti phunziro limenelo analigwiritsitsa? Makolo Achikristu, ngakhale amene choloŵa chawo chili kamunda kamodzi chabe, angachite bwino kudzifunsa kuti: 'Kodi ana anga amandiona ndikulondola chiyani tsiku ndi tsiku?'

Pamene William Rufus anafa ndi muvi ali kosaka nyama mu 1100, Henry anathamangira ku Winchester kukalanda mosungira chuma cha mfumu, ndipo pambuyo pa masiku atatu okha anavekedwa ufumu. Mu 1106 anagonjetsa Robert pa Tinchebray namtsekera. Robert sanamasulidwenso. Anafera ku Cardiff mu 1134, atakhala wandende wa mphwake zaka pafupifupi 28.