Ngongole Yathu kwa Othamangira Kumene Ena Akuthawa

Bomba likaphulika kapena mfuti zikayamba kulira pakati pa anthu, aliyense amaliyatsa liwiro la mtondo wadooka pofuna kupulumutsa moyo wake. Palibe angamudzudzule munthu wotere, pakuti mantha ndi chibadwa cha chamoyo chilichonse. Ngakhale mwanapiye akaona mthunzi wa kabawi amathawira pansi pa nkhokwe. Koma m'chipwirikiti chotere mumaoneka anthu ena owerengeka amene amalunjika komwe anzawo akuchokera. Awa ndi anamwino, madokotala, oyendetsa maambulansi, ozimitsa moto ndi anthu ongodzipereka a bungwe la Red Cross, amene amafika atanyamula machira ndi mabandeji utsi usanathe. Kodi anthu amenewa tili nawo ngongole? Ena amati ayi, popeza imeneyo ndi ntchito yawo ndipo mwezi ukatha amalandira malipiro. Maganizo otere ndi oyenera kuwaunika mofatsa, chifukwa mtundu wa anthu umadziwika ndi momwe umasungira amene amausunga.

Tiyambe taona chimene chigawenga chimafuna. Cholinga chake sichithera pa kupha anthu amene ali pafupi ndi bomba. Chimafunitsitsa kufesa mantha m'mitima ya otsala, kuti aliyense azingolabadira za moyo wake, osacheukanso kuona mnzake amene wagwa. N'chifukwa chake m'maiko ena zigawenga zimatchera mabomba awiri: loyamba la anthu wamba, lachiwiri la amene abwere kudzathandiza. Motero wachipatala amene akufika pamalo a chiwembu sadziwa ngati zoopsa zatha. Sadziwa ngati khoma limene waweramira pansi pake ligwe, kapena ngati chikwama chimene chili pambali pake chili ndi zovala zokha. Akagwada n'kuyamba kumanga bala, amakhala atachilanda chigawenga chinthu chimene chimafunitsitsa, ndicho kuona anthu akutayana.

Pa 7 Ogasiti 1998 zigawenga za gulu la al-Qaeda zidaphulitsa galimoto yodzaza ndi mabomba pa ofesi ya kazembe wa dziko la America mumzinda wa Nairobi ku Kenya, ndipo tsiku lomwelo zidachitanso chimodzimodzi ku Dar es Salaam. Ku Nairobi kudafa anthu oposa 200, ovulala adali pafupifupi 4,000, ndipo ambiri mwa iwo adali Akenya amene ankangodzigwirira ntchito zawo. Nyumba ya Ufundi, yoyandikana ndi ofesiyo, idagwa n'kukwirira anthu. Ambiri adalasidwa kumaso ndi magalasi chifukwa adapita pamawindo kukaona chimene chidayamba kulira bomba lalikulu lisanaphulike. Anthu odutsa m'njira adafukula zigumukirezo ndi manja, ena adanyamula ovulala m'magalimoto awo kupita nawo ku chipatala cha Kenyatta ndi zipatala zina, kumene anamwino ndi madokotala adagwira ntchito usana ndi usiku. Patapita zaka zitatu, pa 11 Seputembala 2001, ozimitsa moto 343 adafera m'nyumba zosanja za World Trade Center ku New York. Iwo ankakwera masitepe omwewo amene anthu ena ankatsikira pothawa.

Wina atha kunena kuti izi ndi za kutali. Koma anthu a ku Mulanje nawo adaonapo zotsatira za chiwembu cha mfuti pakhomo pawo penipeni. Kutsidya kwa malire a Muloza kuli tawuni ya Milange, m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique. Mu 1986, nkhondo yapachiweniweni ili pachimake m'dzikolo, asilikali a Renamo adalanda tawuniyi, ndipo anthu miyandamiyanda adawolokera ku Mulanje, ena atabereka ana, ena atasenza mphasa ndi miphika, ena ali ndi mabala. Nkhondo imeneyi siinkalekerera ngakhale zipatala, moti zambiri za m'midzi zidatenthedwa kapena kutsekedwa. Pomwe mgwirizano wa mtendere unkasainidwa ku Rome pa 4 Okotobala 1992, dziko la Malawi lidali likusunga othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi. M'misasa mudali chikuku, kutsegula m'mimba ndi kunyentchera kwa ana, ndipo kolera adabuka m'misasa ina monga wa Mankhokwe ku Nsanje mu 1988. Amene adalimbana ndi zonsezi adali ogwira ntchito za umoyo a dziko lino, mothandizana ndi a Red Cross ndi mabungwe akunja monga Médecins Sans Frontières, limene lidayamba ntchito m'Malawi mu 1986. Adasamalira alendo amene sadali abale awo, amene analibe ngakhale nkhuku yoti akapereke pothokoza. Ana ambiri amene adapulumuka nthawi imeneyo lero ndi makolo, koma maina a amene adawaika dripi usiku, nyali ya palafini ili pambali, sadalembedwe pa chipilala chilichonse.

Tsopano tibwerere ku funso lija. Kodi wolandira malipiro ayeneranso kuthokozedwa? Tiyeni tione chimene malipiro amagula. Amagula nthawi ya munthu, kuyambira ola lakuti mpaka ola lakuti. Amagulanso luso limene adaphunzira, monga kupeza mtsempha, kusoka bala kapena kuyendetsa galimoto pamsewu woterera. Koma palibe ndalama imene ingagule mphindi ija imene mawondo akuwombana, mtima ukumuuza munthu kuti bwerera, uli ndi ana kunyumba. Pa mphindi imeneyo zifukwa zozembera sizisowa. Woyendetsa ambulansi atha kunena kuti msewu waduka, namwino atha kuchedwa dala kufunafuna magolovesi, ndipo palibe bwana angawatsutse. Akasankha kupita, amapereka chinthu chimene sichidalembedwe m'kalata yowalemba ntchito. Chimenecho ndi mphatso, ndipo mphatso siilipiridwa, imayamikidwa.

Makolo athu ankachidziwa bwino chimenechi. Pamudzi pakagwa zovuta, adzukulu amalawirira kumanda ndi makasu, ndipo akakumba amapatsidwa nsima yawo. Komabe mwambo wa maliro sutha mwinimbumba kapena nyakwawa asanaimirire kuwathokoza pamaso pa anthu onse. Palibe amene amati, poti adya kale, zikomo ndi wachiyani? Aliyense amadziwa kuti nsima ija ndi yobwezera mphamvu chabe, pomwe zikomo ndi wovomereza kuti anthuwo asenza chimene anamfedwa sakadatha kusenza okha. Kuthokoza n'kuvomera poyera kuti moyo wathu uli m'manja mwa anzathu. Munthu wosayamika amadzinamiza kuti ndi wokwana payekha, ndipo bodza limeneli limaululika tsiku limene iye wagona pamachira.

Pali katundu winanso amene anthuwa amasenza, yemwe ife sitimuona. Ovulala akachuluka kuposa manja owathandiza, wachipatala amayenera kusankha woyamba kumuthandiza. Adaphunzitsidwa kuti amene akukuwa mokweza ndiye kuti akupuma, pomwe amene wangoti zii, magazi akutayika, atha kutsirizika m'mphindi zochepa. Choncho amamudumpha wolirayo, nthawi zina amamudumphanso amene wavulala kwambiri moti sangapulumuke, kuti afike pa amene angathe kupulumuka. Abale akaona izi amati ndi nkhanza. Koma wachipatalayo akafika kwawo, nkhope za amene adawadumpha zimamulanda tulo, mwina kwa zaka zambiri. Munthu wolimba mtima si amene alibe mantha kapena chisoni. Iyeyu ali nazo zonse ziwiri, koma salola kuti zimumange manja pamene mnzake akufuna thandizo.

Ena atha kutsutsa ponena kuti alipo anamwino amwano, amene amakalipira amayi oyembekezera ndi kunyalanyaza odwala. Izi zimachitikadi, ndipo siziyenera kubisidwa. Wolakwa ayenera kudzudzulidwa kudzera kwa akuluakulu a chipatala ndi makomiti a zaumoyo a m'dera. Koma mwambi woti nsomba ikawola imodzi zonse zawola ndi woona m'dengu la nsomba. Anthu saweruzidwa motero. Mwano wa namwino mmodzi sufafaniza ntchito ya mnzake amene adawoloka mtsinje wosefukira kukachiritsa mayi. Ndiponso kuthokoza ndi kudzudzula sizidana. Amene amadziwa kuyamika zabwino ndiye amamveka akamadzudzula zoipa.

Kusayamika kukakula kumabala zoopsa, ndipo umboni wake uli konkuno. Mu Seputembala ndi Okotobala 2017 mphekesera za anamapopa zidafalikira ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi maboma ena oyandikira. Anthu adatseka misewu ndi miyala ndi zipika, n'kumasecha galimoto iliyonse, ndipo anthu osachepera asanu ndi anayi adaphedwa pongoganiziridwa kuti ndi opopa magazi. Bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake ku Mulanje ndi Phalombe kwa kanthawi. Bungwe la madokotala m'dziko muno lidadandaula kuti azaumoyo ena adachitidwa chipongwe chifukwa chonyamula zipangizo zawo zoyezera odwala, ndiponso kuti maambulansi ena adachitidwa chiwembu atanyamula odwala. Taganizirani za mayi amene matenda a uchembere adamuyamba pakati pa usiku m'masabata amenewo, woyendetsa ambulansi akuopa kutuluka. Panalibe chigawenga chochokera kunja, koma mantha adagwira ntchito yomweyo imene chigawenga chimafuna: adatisandutsa adani a otithandiza.

Patangopita zaka zosakwana zisanu ndi chimodzi, tidawafunanso anthu omwewo. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'mapiri, monga momwe Napolo adachitira ku Michesi mu Malichi 1991, Phalombe akadali mbali ya boma la Mulanje. Anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa m'chigawo cha kumwera. Milatho idakokoloka, madera monga Muloza adakhala osafikika pagalimoto, ndipo chipatala chaching'ono cha Nkhulambe chidaonongeka. Azaumoyo, asilikali, apolisi, a Red Cross ndi achinyamata a m'midzi adalowa m'matope kufukula anzawo, phiri likadali kuopseza, ena mwa iwo nyumba zawo zitagwa. Sadafunse ngati mudzi umene akupitako udagendapo ambulansi. Akuluakulu adati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Iwowa adazima zathu ngakhale kuti ife tidali titasonkhezera moto pa zawo.

Nanga ngongole yotere tingaibweze bwanji? Mawu a zikomo ndi chiyambi chabe. Choyamba ndi kuwateteza: kupatukira ambulansi pamsewu, kukana kufalitsa mphekesera, ndi kuimirira pakati pamene gulu lolusa lazinga wachipatala. Chachiwiri chikukhudza boma ndi atsogoleri. Kutamanda anamwino pamsonkhano kwinaku ukuwatumiza kungozi opanda magolovesi, ambulansi ilibe mafuta, malipiro akuchedwa, ndi chipongwe chovala zovala za ulemu. Chachitatu chili m'manja mwa achinyamata. Bungwe losonkhanitsa magazi la Malawi Blood Transfusion Service, limene lidakhazikitsidwa mu 2003, limadalira kwambiri ophunzira a m'sukulu za sekondale ndi m'makoleji, moti magazi amachepa m'zipatala sukulu zikatsekera. Dokotala waluso chotani sangapulumutse munthu amene wataya magazi ambiri ngati m'firiji mulibe kanthu. Chachinayi ndi kuphunzira chithandizo choyamba, monga kutsindika bala ndi nsalu yoyera kuti magazi aleke kutuluka, kugoneka chammbali munthu wokomoka amene akupuma, ndi kupewa kunyamula mwachisawawa munthu amene wavulala khosi kapena msana. Kumidzi, kumene ambulansi imatenga nthawi kuti ifike, woyamba kuthandiza amakhala mnansi.

Zoopsa sizilawira. Kuyambira mu 2017 zigawenga zapha anthu ambiri m'chigawo cha Cabo Delgado ku Mozambique, dziko lomwe timagawana nalo malire, ndipo mvula ya mkuntho nayo siidasiye kutiyendera. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tsiku limenelo likadzafika tidzafuna kuti wina agonjetse mantha ake n'kuthamangira kwa ife. Koma anthu otere samera ngati bowa. Amakula m'mudzi umene ana amaona akuluakulu akulemekeza namwino ndi woyendetsa ambulansi, n'kumalakalaka kudzakhala ngati iwo. Tikawanyoza lero, ana athu adzasankha ntchito zina, ndipo pa tsiku la tsoka onse adzathawira mbali imodzi. Choncho tiyeni tiwathokoze akadali moyo, makutu awo akumva, ndipo chiyamiko chathucho chioneke m'zochita.