Nkhuku ndi zanga, koma fungo ndi la tonse

Ambiri a ife kuno mumzinda tili ndi kakhola ka nkhuku kuseri kwa nyumba. M'menemo ndi momwe mumachoka ndiwo, fizi ya mwana ndi ndalama ya kuchipatala. N'chifukwa chake wina akatchula malamulo a khonsolo timapsa mtima: "Puloti ndi yanga, nkhuku ndi zanga, khonsolo ikulowapo bwanji?"

Lamulo la maboma ang'ono la 1998 linapatsa makhonsolo mphamvu yokhazikitsa malamulo a m'madera mwawo. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kumudzi makomo amatalikirana, koma ku Kawale kapena ku Chinsapo khola lako limagundana ndi khitchini ya mnzako. Fungo la zitosi, ntchentche, makoswe ngakhalenso chitopa sizidziwa malire a puloti. Mvula ikagwa, zitosi zimatsikira m'ngalande momwe ana amasewera.

Inde, lamulo nalo liyenera kukhala lachilungamo. Mayi wamasiye woweta nkhuku khumi sangayezedwe muyeso umodzi ndi munthu woweta mazanamazana zogulitsa. Zoterezi tizikambe momasuka ndi makhansala athu.

Koma chikumbumtima sichidikira wa khonsolo kuti agogode pageti. Mwina mnansi wanu wakhala akutseka mawindo chaka chonse, osadandaula, poti mumapemphera mphakati umodzi. Kukhala chete kwakeko si chilolezo.

Sabata ino, sesani khola, kwirirani zitosi, kenaka mukamufunse mnansiyo: "Kodi nkhuku zangazi sizikukusowetsani mtendere?" Yankho lake mulilandire modzichepetsa.