Musanapereke Chipumi Chanu ku Mpeni

Adzukulu anga a kuno ku Namitambo, makamaka inu obwera ku Joni ndi mafoni odzaza zithunzi za nkhope zosalala, tcherani khutu. Ndamva kuti ena mukusirira opaleshoni yokweza nsidze ndi kuchotsa makwinya pachipumi. Yambani mwadziwa chimene mukusiriracho.

Njira zake zilipo zingapo. Yakale ndi yocheka m'tsitsi kuchokera khutu ili kukafika khutu linalo, kenako dokotala n'kukokera khungu la pachipumi m'mwamba. Yatsopano ndi yoboola timabala tochepa m'tsitsi n'kulowetsamo kakamera kounikira pamene akugwira ntchito. Ina ndi yodula kakhungu pamwamba penipeni pa nsidze. Palinso jakisoni wa Botox wofooketsa minofu ya pachipumi, koma mphamvu yake imatha pakapita miyezi 3 kapena 4, ndiye mubwerere ndi ndalama zina.

Zithunzi zija zimabisa zambiri. Mutu umatha kuchita dzanzi miyezi ingapo, tsitsi n'kuthothoka m'mbali mwa chipsera. Mtsempha woyendetsa nsidze ukavulala, nsidze imodzi imakana kukwera, nkhope n'kupendekeka. Komanso ife a khungu lakuda, zipsera zathu sizichedwa kutupa n'kukhala zotumphuka. Mwaonapo zimene zimamera pamakutu a ena akaboola ndolo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Musaganize kuti ndikunyoza mpeni wa dokotala, ayi. Mu 2022 bungwe la WHO lidalengeza kuti Malawi wagonjetsa matenda a maso a trachoma, ndipo ina mwa ntchito zimene zidathandiza inali opaleshoni ya zikope, yowongola nsidze zopindikira m'kati zimene zinkakanda diso mpaka munthu kuchita khungu. Mpeni wotero ndi dalitso. Agogo anu chikope chikagwa n'kuphimba diso, apititseni kuchipatala cha boma cha Chiradzulu. Kukafunika, adzawatumiza kwa madokotala a maso ku Queens, ku Blantyre. Nkhope ikagwa mbali imodzi mwadzidzidzi, thamangani nawo tsiku lomwelo, poti ikhoza kukhala sitiroko.

Koma makwinya okha si matenda. Amadza ndi zaka, dzuwa la kumunda ndi utsi wa fodya. Valani chipewa polima, fodyayo musiyeni, ndipo mafuta oyeretsa khungu muwatalikire, pakuti ambiri amapyapyalitsa khungu n'kulisiya lowonongeka.

Wina akalimbikirabe, ndalama n'zake, koma afunse kaye ngati dokotalayo adalembetsedwa ku Medical Council of Malawi, kapena ku HPCSA ngati ali ku South Africa. Asalole kubayidwa jakisoni m'saluni kapena m'nyumba ya munthu. Afunsenso kuti zikalakwika adzamukonza ndani, ndipo ndalama zake zidzachokera kuti. Dokotala woona sakwiya ndi mafunso amenewa. Akakwiya, nyamukani mudzipita.