Kalata Ikasowa, Tsatani Mapazi Ake

Ana anga amene mwayamba kusamala makompyuta m'maofesi a ku Moatize ndi pa Zóbuè, tcherani khutu. Lole likagona pachipata kudikira chikalata chimene mwini katundu akulumbira kuti anatumiza dzulo pa imelo, foni ya abwana idzalira kwa inu. Tsiku limenelo musathamangire kuzimitsa sefa ya spam.

Maofesi ambiri ali ndi maseva awiri: yakutsogolo yosefa makalata achinyengo ndi otsatsa malonda, ndi yamkati yosunga makalata a antchito. Zili ngati Zóbuè ndi Mwanza. Lole kudindidwa mbali ino sindiye kuti lalowa m'Malawi, ndipo wolifunafuna amafunsa zipata zonse ziwiri.

Yambani ndi MX ya domeni yanu, muone ngati ikuloza seva yosefa. Kenako tengani kalata ina imene yafika bwino, mutsegule mutu wake, muwerenge mizere ya Received kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Seva iliyonse imene kalata yadutsapo imalembapo dzina ndi nthawi. Njira mukaidziwa, pitani ku log ya seva yakutsogolo. Yankho loyamba ndi 4 likutanthauza kuti kalata yangoimitsidwa ndipo idzayesedwanso. Loyamba ndi 5, yakanidwa basi. Magetsi akathima, pakuti amathima ngakhale Cahora Bassa ili m'chigawo chathu chomwe chino, mtima ukhale m'malo. Postfix imasunga kalata pamzere masiku 5 isanaibweze, ndipo mailq idzakuonetsani zonse zimene zikudikira.

Pamene ambiri amagwa ndi apa. Seva yamkati imaona ngati kalata iliyonse yachokera ku seva yosefa, chifukwa ndiyo yaipatsira. Ikayesanso SPF payokha, ipeza kuti adiresi ya IP siikugwirizana ndi ya wotumiza, nkutaya kalata yabwinobwino ya kasitomala wa ku Beira. Kuyesa kumeneku kuchitikire kutsogolo kokha. Ngati mkatimo mulinso SpamAssassin, iuzeni pa trusted_networks ndi internal_networks kuti seva yakutsogoloyo ndi yapakhomo. Mukapanda kutero, imawerengera mfundo molakwika, makalata osalakwa nkumapyola malire a spam a 5.0.

Chimandiwawa mtima ndi mnyamata amene akapanikizidwa amangolowetsa domeni yonse pamndandanda wa ololedwa kuti abwana asiye kukalipa. Mawa lake pamabwera factura yooneka ngati ya kampani yomweyo, koma nambala ya akaunti ya kubanki itasinthidwa, ndalama nkupita kwa akuba. Pezani lamulo limene lakola kalatayo, mukonze lomwelo. Komanso musatseke dziko lathunthu. Chiyambire 2022, pamene mgodi wa malasha unachoka m'manja mwa Vale kupita kwa Vulcan, makalata a ntchito ochokera ku India ndi achizolowezi kuno, monganso a ku Blantyre ndi Johannesburg. Sefa yanu muiphunzitse ndi sa-learn pa makalata enieni a ofesi yanu, a Chipwitikizi ndi a Chingerezi omwe.

Spam ikamalowabe pamene sefa ikugwira ntchito, yang'anani khomo lakuseri. Port 25 ya seva yamkati izilandira kuchokera ku seva yosefa yokha. MX yakale yoiwalika imene ikulozabe mkati, ichotseni. Otumiza spam amaisaka dala.

Seva yakutsogolo idziwenso maina a antchito onse. Ikamalandira makalata a anthu amene kulibe, pambuyo pake imawabweza kwa anthu osalakwa amene maadiresi awo anangobedwa, ndipo posakhalitsa IP yanu imalowa pamndandanda wakuda. Mukadzaona makalata onse akukanidwa mwadzidzidzi m'dzina la Spamhaus, fufuzani DNS. Spamhaus siyankha bwino mafunso odzera pa DNS ya aliyense monga 8.8.8.8, imabweza nambala yosonyeza vuto, ndipo seva yokonzedwa mosasamala imayesa kuti wotumiza aliyense ndi woletsedwa. Ikani DNS yanuyanu pa seva yosefayo.

Sinthani chinthu chimodzi, tumizani kalata yoyesera kuchokera ku Gmail, muione ikudutsa m'ma log onse awiri. Zimene mwasintha lembani m'kope pamodzi ndi deti, kuti mnzanu wogwira ntchito Loweruka asayambirenso pachiyambi.