Stephen King Muyambe Naye pa Mabuku Aafupi

Anthu ambiri amene amafuna kulawa mabuku a Stephen King amathamangira buku lomwe filimu yake inawagwedeza mtima. Nthawi zambiri limakhala It, la chilombo chodzisandutsa wanthabwala wa nkhope yopaka utoto chimene chimadya ana m'tauni ya Derry. Bukuli linatuluka mu 1986 ndipo lili ndi masamba 1,138. Ena amatola The Stand, lomwe linasindikizidwa koyamba mu 1978 kenako n'kutulukanso mu 1990 atabwezeramo zigawo zimene anazichotsa, mpaka masamba kupitirira 1,100. Munthu amawerenga mitu iwiri kapena itatu, ntchito n'kumuchulukira, bukulo n'kuyamba kutola fumbi. Mapeto ake amauza anzake kuti King ndi wotopetsa. Zimandiwawa ndikamva choncho, chifukwa munthuyo waweruza mlembi asanakumane naye n'komwe.

Ine ndimati woyamba kumene atenge buku loti angalimalize m'masiku awiri kapena atatu. Mantha a m'buku ali ngati moto wophikira nyemba: ukamauzima n'kuuyatsanso, nyembazo sizipsa. Nkhani yoopsa imafuna kuti zomwe unawerenga dzulo zikhale zikadali m'mutu pamene ukutsegula bukulo lero. Palinso nkhani ya chinenero. King amalemba Chingerezi cha m'misewu ya ku America, makamaka cha kwawo ku Maine komwe anabadwira mu 1947. Muli mawu achidule, zotukwana, mayina a katundu wa m'masitolo, nyimbo za pa wailesi ndi masewera a baseball. Ife amene Chingerezi tinachiphunzira m'kalasi timafunika nthawi kuti khutu lizolowere, ndipo masamba 200 ndi okwanira kuzolowerera popanda kugwa ulesi.

Buku loyamba nalo ndi Carrie, lomwenso linali loyamba kusindikizidwa mwa mabuku ake, mu 1974. Nthawi imeneyo King anali mphunzitsi wa Chingerezi pa sukulu ya Hampden Academy, akukhala movutika ndi banja lake m'kanyumba kokokedwa ndi galimoto. Masamba oyamba anawataya m'bini poganiza kuti sangathe kulemba za moyo wa atsikana, ndipo mkazi wake Tabitha ndiye anawatola n'kumulimbikitsa kuti apitirize. Kampani ya Doubleday inamupatsa madola 2,500 poyamba, kenako ufulu wosindikiza bukulo m'chikuto chofewa unagulidwa pa madola 400,000. Mbiri imeneyi ndi yokoma, koma chimene ndimakondera bukuli ndi china.

Carrie White ndi mtsikana wa zaka 16 amene akuona msambo wake woyamba ali m'bafa la kusukulu, pamaso pa anzake. Sakudziwa chimene chikuchitika, akuganiza kuti akufa, chifukwa mayi ake, Margaret, amene chipembedzo chinawasokoneza mutu, sanamuuzepo kanthu. Kwa mayiwa, thupi la mkazi ndi tchimo basi, ndipo mwana akalakwa amamutsekera m'kachipinda kuti azipemphera. Anzake aja m'malo momuthandiza akumuseka n'kumamugenda ndi mapadi. Owerenga a kuno, amene amadziwa udindo wa azakhali, agogo ndi anankungwi pa mtsikana wotha msinkhu, adzaona msanga kukula kwa umasiye wa mwana ameneyu ngakhale mayi ake ali moyo. Pofika pa tsamba limene Carrie akuzindikira kuti angathe kusuntha zinthu ndi maganizo okha, wowerenga amakhala ali kale kumbali yake. Ndipo usiku wa dansi ya sukulu, pamene achinyamata ankhanza akumukhuthulira ndowa za magazi a nkhumba atangovekedwa chisoti chaufumu, mtima umagawanika. Ukufuna kuti abwezere, komanso ukuona kuti amene apse m'holo muja ambiri sanamulakwire. Ndimaona kuti luso lonse la King lili pamenepa, m'masamba pafupifupi 200: mphamvu zachilendo zilipo ndithu, koma chimene chimakusowetsa tulo ndi zimene anthu wamba amachitira mnzawo wofooka.

Kalembedwe kakenso n'kothandiza munthu watsopano. Nkhaniyi imadukizidwa ndi tizidutswa ta nyuzipepala, umboni wa anthu pamaso pa komiti yofufuza, ndi mabuku ongopeka olembedwa ngoziyo itachitika. Choncho umadziwa kuyambira pachiyambi kuti tauni ya Chamberlain ikupita ku chiwonongeko, ndipo umawerenga mothamanga kuti uone mmene zikhalire.

Amene sakonda magazi ayambe ndi The Girl Who Loved Tom Gordon, la mu 1999. Trisha McFarland, wa zaka 9, akupatuka pang'ono m'kanjira ka m'nkhalango pamene mayi ake ndi mchimwene wake akukangana patsogolo, ndipo njira ija imusokonekera. Ali ndi tizakudya tochepa ndi kawailesi ka Walkman, komwe usiku amamvera masewera a timu ya Boston Red Sox ndi wosewera amene amamukonda, Tom Gordon. Udzudzu, njala, matenda a m'mimba ndi madambo zikumudya pang'onopang'ono, ndipo pali chinachake chimene chikumutsatira m'mitengo. King sathamangira kukuuza ngati chinthucho ndi chimbalangondo chabe kapena ayi. Malamulo a baseball angakudutseni, koma zimenezo zisakudetseni nkhawa. Chofunika ndi mwana amene akusunga mabatire kuti mawa adzamvenso mawu a munthu.

The Mist ndi lalifupi kuposa awiriwa. Linatuluka koyamba mu 1980, kenako linalowa m'buku la nkhani zosiyanasiyana la Skeleton Crew mu 1985. Mphepo yamkuntho itadutsa, David Drayton ndi mwana wake wamwamuna akupita kukagula zinthu m'sitolo yaikulu ya m'tauni ya Bridgton, ndipo chifunga chokhala ndi zilombo chikuwatsekera m'katimo pamodzi ndi anthu ena ambiri. Zilombozo n'zoopsa, inde, koma ine amandiopsa kwambiri ndi Mayi Carmody, amene poyamba aliyense ankawaona ngati openga, koma m'masiku ochepa apeza gulu lowatsatira lokonzeka kupereka munthu nsembe. Amene anaonera filimu ya Frank Darabont ya mu 2007 asaganize kuti akudziwa mathero, chifukwa a m'buku ndi ena.

Koma kufupika kwa buku si chizindikiro choti n'lopepuka pa mtima. The Long Walk, limene King analitulutsa mu 1979 pogwiritsa ntchito dzina la Richard Bachman, si lalitali kwenikweni, ndipo mulibe mzukwa ngakhale umodzi. Anyamata 100 akuyenda pa msewu osaima. Amene wachepetsa liwiro amachenjezedwa katatu, kachinayi asilikali amamuwombera, mpaka atatsala mmodzi. Ndi buku labwino kwambiri, koma limakusiya wofooka, ndipo sindingalipereke kwa munthu amene akungofuna kuona ngati nkhani zoopsa zingamusangalatse. Pet Sematary, la mu 1983, ambiri amaliika pa mndandanda wa oyamba kumene chifukwa chotchuka. Ine ndimakana. Nkhani yake ndi ya bambo amene mwana wake wamng'ono wagundidwa ndi thiraki, ndipo akudziwa manda amene amabweza akufa. Munthu amene anaikapo mwana, kapena amene maliro akadali m'maso mwake, aliyembekezere kaye.

Pali amene amatsutsa maganizo angawa, ndipo mfundo yawo ndi yomveka. Amati King weniweni ndi wa mabuku aatali, mmene amamanga tauni yonse, wogulitsa mankhwala, wapolisi, chidakwa, ana a sukulu, mpaka wowerenga kumva ngati anakulira komweko, kenako n'kuigwetsa. Amati amene wangowerenga Carrie sanaone zimenezi, ndipo n'zoona. Kungoti kuleza mtima kofunika pa masamba 100 ofotokoza mbiri ya Derry kumabwera ukayamba kumukhulupirira mlembiyo, utadziwa kuti kuzungulira kwake kuli ndi kumene kukupita. Chikhulupiriro chimenechi sungachibwereke kwa mnzako amene analikonda bukulo. Chimabwera utamaliza wekha buku limodzi kapena awiri n'kuona kuti sanakutaye panjira.

Pambuyo pa aafupiwa, Misery la mu 1987 ndi sitepe yabwino. Lili ndi masamba opitirira pang'ono 300, anthu awiri ndi chipinda chimodzi: mlembi Paul Sheldon, wothyoka miyendo pa ngozi ya galimoto ku Colorado, ndi namwino wakale Annie Wilkes, amene wamupulumutsa koma sakufuna kuti achoke. Mutu uliwonse umakankhira ku wotsatira, ndipo Chingerezi chake n'chosavuta chifukwa mbali yaikulu ndi kukambirana kwa awiriwa. Wamaliza limeneli angathe kulowa mu 'Salem's Lot la mu 1975, mmene King anayamba kuonetsa luso lake lomanga tauni, kapena The Shining la mu 1977, asanafike pa It.