"Wallahi" si chikalata cha malo



Pa Zalewa, pomwe msewu wa ku Mwanza umapatukira pa M1, anthu akusaka mapuloti. Pa Lisungwi ndi pa Neno boma chimodzimodzi. Ndiye madobadoba nawo achuluka. Ofesi yawo ndi foni basi: zithunzi pa WhatsApp, kenaka "tumizani dipoziti pa Airtel Money lero lomwe, wina akubwera ndi ndalama mawa." M'bale ali ku Joni amatumiza thukuta la zaka zitatu, pobwera n'kupeza wina wakumba kale maziko pomwepo.

Kulumikiza wogula ndi wogulitsa pakokha si haraam. Imam Bukhari anatchula kuti ma Ulama ngati Ibn Sirin ndi Hasan al-Basri sankaona vuto pa malipiro a ntchito imeneyi. Koma Hakim ibn Hizam atafunsa Mtumiki (SAW) za kugulitsa chinthu chomwe alibe, anamuletsa. Nanga munda wa banja, woti alongo ndi amalume sakudziwa n'komwe kuti ukutsatsidwa, dobadoba akuugulitsa ngati ndani?

Chomwe chimandidandaulitsa ine n'chakuti timachita manyazi kufunsa. Munthu akavala kofia, timaswali naye Jumu'ah, akangoti "Wallahi malowa alibe nkhani," ife pakamwa tseke, ati kufunsa mapepala n'kumuganizira zoipa Msilamu mnzako. Taonani ayah 282 ya Surah Al-Baqarah. Ndiyo yaitali kuposa zonse mu Qur'an, ndipo nkhani yake ndi kulemba ngongole komanso kuika mboni pogulitsana. Oyamba kulamulidwa zimenezi anali ma Swahaba, anthu okhulupirika kutiposa kutalitali. Iwowo ankalemberana, ife ndiye tikuopa kukhumudwitsa ndani?

Musanatulutse ngakhale K1,000, pitani mukaponde pamalopo, kapena tumani m'bale wanu osati mnzake wa dobadobayo. Funsani oyandikana nawo malire, iwowo sabisa. Kumanani ndi mwini wake maso ndi maso, muone chiphaso chake cha unzika. Ngati ndi malo a makolo, afumu ndi akubanja akhalepo, komanso komiti ya malo komwe inakhazikitsidwa potsatira lamulo la 2016. Akati pali lizi, tengani nambala yake mukafunse ku ofesi ya za malo kwa DC kapena ku Lands ku Blantyre. Ndalama ipite m'manja mwa mwini malo, mboni zisaine, dobadoba alandire yake pambuyo.