Basi Ikadutsa pa Sukulu ya Kwathu

M'miyezi ya June ndi July, pamene chisanu chimatsika m'phiri la Dedza ndipo nkhungu imakuta msewu waukulu wochokera ku Lilongwe kunka ku Blantyre, munthu wolawirira amaona magulu awiri a ana. Ena aima m'mbali mwa msewu atavala majuzi, kudikira minibasi yowatengera ku sukulu yolipira ya m'tauni. Ena akuyenda pansi, manja ali m'khwapa, kunka ku sukulu ya m'mudzi mwao. Basi ikafika imanyamula oyambawo, nipitirira enawo, nidutsanso pa sukulu imene iwo akupita. Ambiri mwa ife amene tili ndi kangachepe m'thumba ndife makolo a ana a m'basimo. Tsono tiyeni tidzifunse mosabisa: kodi tikulakwa?

Tiyambe ndi kunena zoona. Kholo lofunira mwana wake maphunziro abwino silichimwa. Mfundo za ufulu wa anthu zimene bungwe la United Nations lidavomereza mu 1948 zimapatsa makolo malo oyamba posankha maphunziro a ana ao. Ndiponso tikudziwa chimene chimatithawitsa. Boma litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana adachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, koma zipinda, mabuku ndi aphunzitsi sizidachuluke pa liwiro lomwelo. Mayi woona mwana wake ali mu Sitandade 4 koma akulephera kuwerenga kalata ya agogo ake, ndani angamudzudzule akafuna kwina?

Kutsata sukulu kutali nakonso si chinthu chachilendo kuno kumapiri. Sukulu ya sekondale ya Dedza itatsegulidwa mu 1951, anyamata adabwera kuchokera m'zigawo zonse za Nyasaland, ndipo ku Mtendere ndi ku Bembeke kwaphunzira ana a maboma ambiri. Komatu amenewo adali osinkhukirapo, ogonera komweko, oyenda ulendo potsegulira ndi potsekera sukulu basi. Lero tikukweza basi mwana wa zaka 6, tsiku ndi tsiku, kupita ndi kubwera.

Apa ndiye pali ngongole yathu yoyamba, ya kwa mwana yemweyo. Timamudzutsa kusanache, nabwerako dzuwa litapendeka, ali wotopa ndi wanjala. Mlimi wa kachewere wa ku Bembeke akamakweza matumba ake pa lole amawawerenga limodzilimodzi, nafunsa dzina la dalaivala ndi kumene akukatsitsa. Nanga ife, popereka mwana wamoyo, tidafunsapo ngati woyendetsayo ali ndi chiphaso, ngati matayala sadathe, ngati ana sakuwathithikiza asanu pa mpando wa anthu atatu? Kulipira ndalama ya pamwezi sikutichotsera udindo. Ndiponso mwana wongogona m'mudzi, osasewera ndi anzake a pakhomo, osadziwa maina a akuluakulu a m'deralo, amasanduka mlendo kwao komwe.

Ngongole yachiwiri ndi yolemera koposa, ndipo ambiri sitiiona. Basi ija ikamachoka, imachoka ndi maso athu ndi mau athu omwe. Kholo limene mwana wake ali m'tauni silipitanso ku msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi wa kwao. Silioneka pa tsiku loumba njerwa, silidziwa kuti denga la Sitandade 1 lidasasuka ndi mphepo, silimva kuti mphunzitsi wina watha sabata osaoneka. Chonsecho anthu amenewa ndi omwe amadziwa kulemba kalata yopita ku ofesi ya maphunziro, ndi omwe saopa kufunsa aphunzitsi aakulu za ndalama za chitukuko. Otsala ndi amasiye, agogo olera zidzukulu ndi aganyu, amene nthawi zambiri amangoti zikomo pa chilichonse. Motero sukulu imene tidaithawa chifukwa chofooka imafookeratu chifukwa tidaithawa, ndipo chaka chamawa kholo linanso limafunafuna malo m'basi.

Wina anena kuti, "Ine ndili ndi ana anga, a enawo ali ndi makolo ao." Koma makolo athu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo sadanene izi pongokometsa pakamwa. Ana oyenda pansi aja ndi amene adzakwatirane ndi ana athu, adzalime m'malire mwa minda yathu, adzatikumbire manda. Mudzi umene ana ake adagawika pawiri kuyambira ali ndi zaka 6 udzavutika kukhala pa bwalo limodzi akadzakula.

Sitikunena kuti titsitse ana m'basi. Tikunena kuti ufulu wosankha umabwera ndi mangawa ake. Woyendetsa timudziwe dzina ndi khalidwe, ndipo makolo tizisinthana kukwera nawo tsiku lina kuti tione ndi maso athu. Mwana timuphunzitse kupereka moni kwa anzake oyenda pansi, osati kuwaloza pa windo. Ndipo belu la msonkhano likalira pa sukulu ya kwathu, tipite, ngakhale dzina la mwana wathu mulibe m'kaundula. Tinyamule chikombole pa tsiku la njerwa, tivomere kulowa m'komiti akatisankha, tipereke mabuku amene ana athu adatha nawo.

Mawa m'mawa basi idzaimanso pamsewu. Tikadzamukweza mwana wathu, tisafulumire kubwerera m'nyumba. Tiime pang'ono, tione ana amene atsala akuyenda m'nkhungu muja, ndipo tiyese kuwatchula maina. Tikalephera kutchula ngakhale mmodzi, tidziwe kuti amene wapita kutali ndi mudzi si mwana yekha ayi, ndifenso.